Teklado yakale ya miyala: woliza angathe kudzipangira mau akeake

FINGOÈ: Nyengo yogulitsa fodya ndi chimanga ikafika m'boma la Maravia, ndalama sizithera pa malata, njinga ndi feteleza pokha. Mipingo ina ndi magulu a achinyamata amasonkherana kuti agule chida choimbira chija anthu a kuno ku Tete amachitcha teklado, pamene anzathu a ku Zambia ndi ku Malawi amati kiyibodi. Kawirikawiri chidacho sichikhala chatsopano. Chimakhala choti wina anachigwiritsa kale ntchito, chochokera ku Katete, ku Chipata, mumzinda wa Tete, kapena kwa mbale amene ali pa ntchito ku Joni.

Chida chotere chikafika pamudzi, chimakumana ndi mavuto awiri. Loyamba ndi kupsa msanga kaamba kolumikiza magetsi molakwika, ndipo ndalama zimene anthu anasonkha movutikira zimapita pachabe. Lachiwiri ndi lakuti woliza amangodziwa mau amene anabwera ndi makinawo kuchokera ku fakitale, osadziwa kuti ena mwa mateklado akalewa anapangidwa kuti mwini wake azidzipangira mau akeake. Mavuto onse awiriwa amachepa ngati woliza amvetsa mmene chidacho chimagwirira ntchito.

Mmene mau a teklado analowera m'midzi

Pa nthawi ya nkhondo, anthu ambiri a chigawo cha Tete anathawira kunja. Ena a ku Maravia ndi maboma oyandikana nawo anawolokera ku Zambia, kumene msasa wa Ukwimi unatsegulidwa m'boma la Petauke mu 1987. Dziko la Malawi nalo linasunga anthu oposa miliyoni imodzi ochokera ku Mozambique. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwao, ndipo pofika 1994 ambiri anali atafika m'midzi yao.

Obwererawo sanabwere ndi mapoto ndi makasu okha. Anabweranso ndi mawailesi, makaseti, ndi nyimbo zimene makutu ao anazolowera kumene anali. Zaka zimenezo ndi zomwe makaseti a ku Balaka, a Alleluya Band, a Paul Banda ndi mng'ono wao Lucius Banda, ankalira pamisika ndi m'mabasi, ndipo m'nyimbozo mau a teklado ankamveka kwambiri. Kuchokera ku South Africa kunkabwera nyimbo za Brenda Fassie ndi Yvonne Chaka Chaka, kenaka za Penny Penny mu 1994, zonse zodalira makina omwewa. Motero achinyamata a m'makwaya anakula akulakalaka chida chimene munthu mmodzi angalize nacho limba, lipenga ndi besi nthawi imodzi.

Mateklado si amtundu umodzi

Wogula ayenera kudziwa kuti mateklado ang'onoang'ono a zaka za m'ma 1980 alipo a mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi wa pakhomo. Uli ndi sipika yakeyake, mau angapo okhazikika, ndi ng'oma zodziimba zokha munthu akadina batani. Mau ake sasinthika. Koma ngakhale wotere si wonyozeka. Mu 1981 kampani ya Casio ya ku Japan inatulutsa MT-40, kateklado kotchipa kamene ng'oma ndi besi zake zinakonzedwa ndi mayi wachitsikana wa pakampanipo, Okuda Hiroko. Kateklado kameneka kanafika m'manja mwa anyamata awiri a ku Kingston m'dziko la Jamaica, Noel Davey ndi Wayne Smith. Iwo anapita nako kwa wojambula nyimbo King Jammy, ndipo mu 1985 munatuluka nyimbo ya Under Mi Sleng Teng. Oimba ena mazanamazana anajambula nyimbo zao pa kagundidwe komweko, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo za reggae zinayamba kupangidwa ndi makina.

Mtundu wachiwiri ndi umene akatswiri amautcha synthesizer, kutanthauza makina opanga mau. Umenewu ulibe limba kapena lipenga lojambulidwa m'kati mwake. Uli ndi kakompyuta kamene kamawerengera manambala n'kuwasandutsa mau, ndipo munthu akasintha manambalawo mau amasinthanso. Wotchuka kwambiri unali Yamaha DX7 wa mu 1983, umene unkagwiritsa ntchito njira yotchedwa FM, yomwe anaitulukira John Chowning pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford ku America mu 1967. Koma DX7 unali waukulu, wolemera, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 2,000.

Chakumapeto kwa 1984, Casio inatulutsa CZ-101 pa mtengo wa madola 499. Ndi kachida kopepuka, ka makiyi ang'onoang'ono 49, koyendera miyala isanu ndi umodzi ikuluikulu ya wailesi, yomwe ena amati mapilya. Mu 1985 Yamaha nayo inatulutsa DX100, ya makiyi 49 ang'onoang'ono, yoyenderanso miyala. Zida ziwirizi zilibe sipika ndipo zilibe ng'oma zodziimba zokha. Zimafuna ampulifaya kapena zomvera za m'makutu. Ichi n'chifukwa chake munthu wosadziwa akaziyatsa n'kusamva kanthu amaganiza kuti n'zakufa.

Palinso zapakatikati, monga Yamaha PSS-470 ndi PSS-480 za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Zili ndi sipika ndi ng'oma, komanso pali malo olembedwa kuti Digital Synthesizer pamene woliza angasinthe mau pang'ono. Amene ali ndi teklado kunyumba kapena kutchalitchi ayang'ane ngati mau amenewa alembedwapo.

Mbali zitatu za liu

Nkhani ino itsata CZ-101, pakuti kakonzedwe kake n'kosavuta kumva, ndipo amene wakadziwa savutika kwambiri akakumana ndi makina ena.

Liu lililonse lili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kukwera kapena kutsika kwake, monga kusiyana kwa mau a mwana ndi a bambo. Yachiwiri ndi maliridwe ake, chimene chimasiyanitsa likhweru ndi lipenga ngakhale ziwirizo zikuimba nyimbo imodzi. Yachitatu ndi mphamvu yake, ndiye kuti mmene liu limayambira, mmene limakhalira ndi mmene limathera. Pa CZ-101 mbali zitatuzi zili ndi mabatani ake olembedwa DCO, DCW ndi DCA motsatana.

M'kati mwa makinawa munasungidwa funde limodzi losalala la mau, lomveka ngati likhweru lofewa. Makina amaliwerenga mobwerezabwereza, mwachitsanzo maulendo 440 pa sekondi imodzi pa kiyi ya A ya pakati. Akaliwerenga pa liwiro lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, limatuluka likhweru lija. Koma akathamanga poyambira n'kuchedwa pomalizira, fundelo limapindika ndipo liu limakhala lakuthwa. Zili ngati munthu wopalasa njinga amene amaponda mwamphamvu mwendo umodzi n'kulekerera winawo: gudumu limazungulirabe maulendo omwewo, koma kayendedwe kasintha. Nambala ya pa DCW ndi imene imanena kukula kwa kupindikako. Ikakhala 0 liu ndi lofewa. Ikafika 99 liu ndi lakuthwa zedi. Pa DCO pamasankhidwa mtundu wa kupindikako, ndipo ilipo mitundu isanu ndi itatu.

Chinsinsi chachikulu chili pa nthawi. Iliyonse mwa mbali zitatuzi imayenda m'masitepe, ndipo masitepewo angafike asanu ndi atatu. Sitepe iliyonse ili ndi manambala awiri ooneka pa kagalasi: Rate, limene ndi liwiro, ndi Level, umene ndi mulingo wofikapo. Onse amayambira pa 0 kulekeza pa 99. Woliza amauzanso makina sitepe yoti aime pamene chala chikadali pa kiyi, pa batani la Sustain, ndi sitepe yomalizira, pa batani la End.

Kupanga kalimba ndi chitoliro

Anthu a dera lino safuna kuuzidwa mmene kalimba amalirira. Ndi chida cha makolo a Achewa ndi Ansenga, ndipo katswiri wa nyimbo John Blacking anasindikiza zimene anaphunzira za kalimba wa Ansenga a ku Petauke mu 1961. Amene anamvetsera kalimba mwachidwi akudziwa kuti liu lake limayamba mwadzidzidzi chala chikangosiya kachitsulo, limakhala lakuthwa kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenaka limafewa n'kumazilala pang'onopang'ono. Zimenezi ndi zomwe ziyenera kulembedwa m'manambala.

Pa DCA, sitepe yoyamba ikhale ya liwiro 99 ndi mulingo 99, kuti liu lituluke nthawi yomweyo. Sitepe yachiwiri ikhale yomalizira, ya liwiro cha m'ma 40, kutsikira pa 0. Pasakhale sitepe yoimapo, pakuti kalimba sapitiriza kulira chifukwa chala chagwira. Pa DCW, sitepe yoyamba ikhale ya liwiro 99 ndi mulingo cha m'ma 50, ndipo yachiwiri itsike msanga, cha m'ma 60, kubwerera pa 0. Pamenepo kukuthwa kumatha msanga kuposa liu lenilenilo, monga zimachitikira pa chida chenicheni. Manambalawa ndi poyambira chabe. Khutu ndilo liweruze. Ngati liu likuzilala msanga, liwiro la sitepe yachiwiri ya DCA lichepetsedwe. Ngati likumveka ngati belu la njinga, mulingo wa DCW utsitsidwe.

Chitoliro, monga nyanga zimene Anyungwe amaimba m'magulu, n'chosiyana. Mpweya umatenga kanthawi kuti udzaze bango, tsono sitepe yoyamba ya DCA ikhale yochedwerapo, cha m'ma 70, ndipo pomwepo paikidwe Sustain kuti liu lipitirire mpaka chala chichoke. DCW ikhale yotsika, cha m'ma 20 kapena 30. Batani la Vibrato limaonjezera kanjenjemera, ndipo kangathe kuchedwetsedwa kuti kayambe liu litatuluka kale.

Limba la m'tchalitchi ndilo losavuta kuposa onse: liu lituluke msanga, liime pamwamba, lithe msanga chala chikachoka. Kuti limveke lodzaza, pa Line Select pasankhidwe mizere iwiri yoimba pamodzi, ndipo pa Detune mzere wachiwiri usunthidwe pang'ono zedi. Mau awiri osiyana pang'ono chotero amagwedezana ngati anthu awiri oimba limodzi. Koma pali mtengo wake. Ndi mzere umodzi CZ-101 imaliza makiyi asanu ndi atatu nthawi imodzi, ndipo ndi mizere iwiri imaliza anayi okha. Woperekeza kwaya ya mau anayi asamale, pakuti akadina kiyi yachisanu ina imazima.

Lamulo lothandiza wophunzira ndi ili: asinthe nambala imodzi yokha, adine kiyi, amvetsere, kenaka asinthe ina. Wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi sadziwa chimene chakometsa kapena chimene chaononga.

Zimene makina sangathe

Ngakhale liu lifanane bwanji ndi kalimba, makwerero a mau safanana. Teklado inagawidwa m'magawo 12 ofanana, monga mwa nyimbo za ku Ulaya. Akalimba ndi malimba a makolo a m'chigwa cha Zambezi amachunidwa mwanjira yao, nthawi zambiri m'magawo asanu ndi awiri amene sagwera ndendende pa makiyi oyera. CZ-101 ingathe kukwezedwa kapena kutsitsidwa yonse pamodzi, koma kiyi imodzi payokha sichunika. Tsono nyimbo ya makolo ikaikidwa pa teklado, pena imamveka ngati yapotoka. Vuto silikhala la agogo amene akuimba. Pa nyimbo zotero woliza wanzeru amaliza mau ochepa a pansi, kapena amangokhala chete n'kusiyira oimba.

Chimodzimodzinso ng'oma. Mateklado a pakhomo ali ndi magundidwe a disco, rock, waltz ndi ena, ndipo ambiri mwa iwo amawerenga zinayizinayi mosasintha. Ng'oma za chimtali kapena za Gule Wamkulu zimalukana mwanjira ina, ndipo woimba mbalule amayang'ana mapazi a wovina n'kumuyankha. Makina sayang'ana munthu. Kwaya ikazolowera batani la ng'oma, nyimbo zake zonse zimayamba kuyenda mofanana, ndipo anyamata amene ankaomba ng'oma ndi kugwedeza maseche amangokhala pansi. Apa kusowa kwa ng'oma pa CZ-101 ndi DX100 kumasanduka mwayi, pakuti ng'oma zimatsala m'manja mwa anthu ndipo teklado imatsatira iwo.

Magetsi ndiwo amapha mateklado ambiri

Damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974, lili ndi nyanja yake kum'mwera kwa boma lino, koma magetsi ake ambiri amapita ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya Maravia imadalira miyala, batire ya galimoto ndi sola. Apa ndi pamene ngozi imabisala.

Miyala isanu ndi umodzi ya mavolti 1.5 uliwonse imapanga mavolti 9, ndipo amenewa ndi amene CZ-101 imafuna. Batire ya galimoto kapena ya sola ili ndi mavolti 12, ndipo pamene ikutchajidwa padzuwa imafika cha m'ma 14. Kulumikiza teklado ya mavolti 9 mwachindunji ku batire yotere n'kuiika pangozi. Pafunika kachipangizo kotsitsa mphamvu pakati pake, kamene amisiri a mawailesi amakadziwa.

Chinthu china chimene ambiri sachiyang'ana ndi mbali ya pozitivi ndi negetivi. Pa mateklado akale a Casio monga CZ-101, kachitsulo ka pakati pa pulagi ndi negetivi. Pa mateklado ambiri a Yamaha, amene amafuna mavolti 12, ka pakati ndi pozitivi. Pulagi ingathe kulowa bwinobwino pabowo koma mbali zili zotembenuka. Pafupi ndi bowolo, kapena kunsi kwa teklado, pamakhala kachithunzi koonetsa mavolti ndi mbali yoyenera, ndipo pa adaputala pamakhalanso kachithunzi kotero. Tithunzi tiwirito tifanane kaye munthu asanayatse. Adaputala yobwereka kwa mnansi, ya wailesi kapena ya chipangizo china, isalowetsedwe pongoona kuti ikukwana.

Miyala yakutha isasiyidwe m'kati kwa miyezi, chifukwa imatuluka madzi amene amadya zitsulo. Teklado ivindikiridwe ndi nsalu ikatha ntchito, pakuti fumbi la chilimwe limalowa pansi pa makiyi. Isungidwe pamalo okwera, kutali ndi chinyezi cha dzinja, mphemvu ndi nyerere, ndipo isasiyidwe padzuwa la mwezi wa Okutobala.

Kope la manambala

CZ-101 ili ndi mau 16 a ku fakitale amene safufutika, ndi malo ena 16 osungiramo mau amene woliza wapanga. Palinso bowo la kakatiriji kosunga ena 16, ngakhale makatirijiwo masiku ano ndi osowa. Posunga liu, kaswitchi ka Protect ka kumbuyo kazimitsidwe, kenaka adine batani la Write pamodzi ndi nambala ya malo amene akufuna. Akatha abwezere kaswitchi kaja, kuti mwana wosewera ndi mabatani asafufute ntchito ya sabata yonse.

Chofunika kudziwa n'chakuti malo 16 amenewa amakumbukira ndi mphamvu ya miyala yomwe ija. Miyala ikatheratu, kapena ikachotsedwa kwa nthawi teklado isanalumikizidwe kwina, mau onse opangidwa amatayika. N'chifukwa chake miyala isinthidwe adaputala ili yolumikizidwa. DX100, imene ili ndi mau 192 a ku fakitale ndi malo 24 a woliza, imakumbukira ndi kabatire kakang'ono ka m'kati kooneka ngati ndalama yachitsulo. Pa chida cha mu 1985 kabatireko kangakhale katatha kale, ndipo mmisiri wa mawailesi angathe kukasintha.

Chitetezo chenicheni ndi kope la sukulu ndi cholembera. Liu lililonse likhale ndi tsamba lake: dzina pamwamba, kenaka manambala onse a DCO, DCW ndi DCA, sitepe ndi sitepe. Popeza liu lonse ndi manambala basi, amene ali ndi tsambalo angathe kulibwezeretsa pa mphindi zochepa, ngakhale pa CZ-101 ina. Woliza wa ku Malowera angathe kulembera mnzake wa ku Chiputo manambalawo pa kalata kapena pa uthenga wa foni, ndipo liu lomwelo lidzalira kumeneko.

Asanapereke ndalama

Amene atumidwa ndi mpingo kapena gulu kukagula teklado yakale asapite okha ngati sadziwa kuliza. Atenge miyala yatsopano ndi zomvera za m'makutu. Adine makiyi onse mmodzimmodzi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndi mabatani onse. Aone ngati kagalasi kakuonetsa zilembo zonse. Atsegule malo a miyala n'kuyang'ana dzimbiri kapena ufa woyera. Agwedeze pang'ono pulagi pabowo la magetsi ndi la sipika, amve ngati mau akudukaduka. Asinthe nambala imodzi, aisunge, azimitse, ayatsenso, aone ngati yasungika. Wogulitsa amene akukana kuti chida chiyesedwe ali ndi chifukwa chake.

Awerengerenso ndalama ya ampulifaya, waya ndi kachipangizo kotsitsa mphamvu, chifukwa popanda zimenezi synthesizer siimveka m'tchalitchi chodzaza. Ngati gulu likufuna chida chongoperekeza nyimbo popanda zambiri, teklado ya pakhomo yokhala ndi sipika ingakwanire. Ngati lili ndi mnyamata kapena mtsikana woleza mtima, wokonda kufufuza, mtundu wachiwiriwu ndi umene ungampatse ntchito ya zaka.

Amene ali nacho kale chida chotere, chitaunjikidwa pakona chifukwa sichilira, asafulumire kuchitaya kapena kuchipereka kwa ana. Nthawi zina vuto limangokhala dzimbiri pa zitsulo za miyala kapena waya woduka pabowo la magetsi. Makampani anasiya kupanga CZ-101 ndi DX100 kalekale, ndipo oimba a maiko akunja amazifunafuna mpaka lero.

Potsiriza, atsogoleri a mipingo ndi magulu akumbukire kuti achinyamata sakhalitsa pamudzi. Woliza wa chaka chino mawa ali ku sukulu ku Tete, pa ntchito ku Moatize kapena ku Joni. Ngati luso lonse linali m'mutu mwake, teklado imatsala chete. N'kofunika kuti aphunzitse anzake awiri kapena atatu, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo kope la manambala likhale katundu wa gulu, losungidwa pamodzi ndi mabuku a nyimbo.